Mizere Inayi Yopanda Mwini

Lachitatu, 17 Okutobala

Mvula m'mawa, dzuwa masana. Bondo lakumanzere likudandaulabe.

Tsiku loyeretsa. Mawa ndi Ayudha Puja, tsiku lolemekeza zida zogwirira ntchito, ndiye aliyense nsanza kumanja. A Puttaswamy, amisiri anga, atsegula thanki, apukuta mkati monse, amasula kampopi n'kukaika m'bokosi lake. Zaka 21 tili atatu m'chipinda 14: ine, iwo, ndi makina amenewa. Tinawamanga tokha. Iwo ndi manja, ine ndi pakamwa. Amatero iwowo.

Kalata ya a Seshadri, mkulu wa bungwe lathu. Komiti ikhala pa 30. Nkhani ndi imodzi: chipinda 14 chidzatani ine ndikapuma ntchito mu Malichi. A makompyuta akuchifuna. Popanda chatsopano chooneka, makina aphwasulidwa, zitsulo zipite kwa ogula zitsulo zakutha. Yalembedwa mwaulemu zedi. Ulemu wakewo ndi umene wandipsetsa mtima.

Achemwali a Girija pa chakudya chamadzulo: "Iwe Nagaveni, tandiuzanso, umasakasaka chiyani kwenikweni? Anthu akumandifunsa kukachisi, ine n'kumangoti zakumwamba." Kachikwi kufotokoza. Ndinati kumwambako kuli mtambo wakuda, wozizira koopsa, momwe nyenyezi sizinabadwebe. M'menemo muli timamolekyu tikungozungulira. Kalikonse kakamazungulira kamatulutsa mafunde a wailesi pamalo akeake, ngati chidindo cha chala. Madishi akuluakulu amawatola, ife timawaona ngati mizere pa sikirini. Yambiri tikudziwa eni ake. Koma ilipo 11 yopanda mwini. Ndiye ine ndimapopera mpweya m'thanki, n'kuuwomba ndi kamphezi, kuti mupangike zinthu zimene pansi pano sizikhalitsa, kenako ndione ngati mizere yake ikugwera pamalo a ya kumwamba ija.

"Oho. Ndiye kuti ndiwe wapolisi, zala uli nazo koma wakubayo sunamugwire," anatero. "Zaka 21! Ukanakhala wapolisi weniweni akanakuchotsa kalekale." Ndinaseka. Potsuka mbale sindinkasekanso.

Mpweya wosakaniza wa nambala 62 wakonzeka. Tiuyesa Lachisanu.

Lachinayi, 18 Okutobala

Palibe makina oyenda lero. Timitengo ta nthochi tomangidwa pachitseko. Nkhata za maluwa achikasu pa thanki, pa pampu, mpaka pa chozimira moto. Kadontho kofiira pa kompyuta iliyonse. Panja madalaivala akupondetsa mandimu ndi matayala. Chikalata choletsa moto m'malabu chakhomedwa ngati chaka chilichonse, ndipo a Seshadri amene anachisaina anadyera mbuliwuli za mpunga ataima pansi pake penipeni.

Zaka zonsezi ine ndimaima pakhomo, manja kumbuyo. Sinditsutsa, sindilowa. Lero kaya chinandigwira n'chiyani. Mwina poti ndi komaliza. Ndinalowa, ndinatsegula bokosi, ndinatenga kampopi kaja, kamene kamapopera mpweya m'thanki, ndinakaika pambale yamkuwa pakati pa maluwa ndi timiyala toyera tonunkhira ta kamfa. A Puttaswamy: "Mayi, kameneko timakasiya m'bokosi." Ine n'kuyankha mokweza kuti onse amve: "Kagwira ntchito kuposa tonsefe, nakonso kadalitsidwe." Anthu kuseka, kuwomba m'manja. Iwo sanaseke. Anangogwedeza mutu, kugwedeza kwawo kuja kosadziwika ngati ndi inde kapena ayi.

Anayatsira kamfa pakhomo, kutali ndi thanki, monga achitira chaka chilichonse. Lawi kuzungulira katatu. Kamfa amandidabwitsa mpaka lero. Amayaka osasiya phulusa, ndipo ngakhale usamuyatse amatha yekha pang'onopang'ono. Ndili kamwana ndinafunsa kuti amapita kuti. Amayi: "Kwa Mulungu. Khala chete." Mwina funso langa loyamba la sayansi, ndipo ndinapatsidwa khofi la m'mutu.

Mbale anaivundikira ndi nsalu. Zida zimapuma mpaka mawa, sazikhudza.

Lachisanu, 19 Okutobala

Tsiku loyambira zatsopano, amatero. Tchuthi, koma tabwera awiri. Kampopi kabwerera pamalo pake, thanki yatsekedwa, pampu yakoka mpaka 11 koloko. Nambala 62. Kamphezi kayaka bwino, kofiirira.

2:40 masana. Mzere. Pamalo penipeni pa wachitatu wa kumwamba.

3:15. Wina. Pamalo a wachisanu wa kumwamba.

4:30. Wina.

5:05. Yakwana inayi!

Ndinakhala pansi pasimenti, sari, chovala changa chabwino, ndi yonse. Zaka 21, zosakaniza 61 zopanda kanthu, lero inayi masana amodzi. Koma abale! A Puttaswamy anandibweretsera madzi m'kapu yachitsulo.

Pali mizere inanso yambirimbiri pakatipakati, nkhalango yeniyeni. Zimachitika, mphezi imaphika zambiri. Tidzaisanthula bwino.

Kuyesa koyamba, kumene ndaphunzitsa wophunzira aliyense amene anadutsa m'chipinda chino: zimitsa kamphezi. Mzere ukasowa, ndiye kuti mphezi ndiyo inaupanga, ndi chinthu chatsopano. Ukatsala, ndi litsiro limene linali kale m'makina. Mphindi ziwiri basi. Sindinazimitse. Ndinati nthawi yatha, pampu yatentha. Mawa.

Loweruka, 20 Okutobala

Sindinazimitse. Tsiku lonse kuyeza mizere inayi ija mobwerezabwereza, kuti manambala akhale enieni. Ndi ntchito yofunika. Ndikudziuza choncho.

Chondizunguza mutu: kutalikirana kwa mizere ya m'nkhalango ija kukuonetsa chinthu cholemera. Chachikulu, chonenepa, chozungulira mwaulesi. Maatomu a kaboni mwina khumi. Mpweya umene ndinaikamo ndi wa tinthu tating'ono, ta kaboni atatu kapena anayi. Ndiye timalumikizana bwanji msanga chonchi? Ngati m'thanki zikutheka, m'mtambomo zikuthekanso? Kuzizira konse kuja, mdima wonse uja, n'kumamanga chinyumba chotere? Ndajambula maonekedwe asanu ndi awiri kuseri kwa envulopu ya a Seshadri. Mphete, mphete ziwiri, khola. Chojambula chachisanu ndi chiwiricho ndi chokongola kwambiri moti ndikuchiopa.

Achemwali akuti ndinkaimba posamba. Ine sindinadzimve. Achemwali pogaya khofi: "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Ndinawauza kuti m'nyumba muno mbuzi ndi imodzi ndipo si ine. Anandimana khofi wachiwiri.

Lolemba, 22 Okutobala

Ndalakwitsa. Kapena ayi, kaya.

Pamzere wa khofi wa 11 koloko, a Seshadri kumbuyo kwanga. "Nagaveni, nkhope imeneyi sindinaioneko chiyambire. Mwapeza mwamuna kapena molekyu?" Pakamwa panga, pamene pasunga zinsinsi za anthu zaka zonsezi, panangotseguka. Inayi mwa 11, ndinatero. Anaika kapu pansi. Munthu uja anali wasayansi weniweni asanayambe kusaina makalata, maso ake anabwerera kumeneko kwa kanthawi. "Ngati zili choncho chipinda 14 palibe achikhudze. Ndilembereni masamba awiri a komiti."

Palibe achikhudze. Ndabwereza mawu amenewa pa masitepe onse 44.

Ndinawauza a Puttaswamy. Ndimayesa avina. Iwonso chipindachi chikatsekedwa akawaponya kokonza mafani ndi mipope ya m'zimbudzi, munthu amene amamva kudontha kwa mpweya ndi khutu. Anangoti, "Chabwino, Mayi," n'kupitiriza kupukuta sipanala yopukuta kale.

Kanthu kena. Mizere lero yafupikirako. Pang'ono, gawo limodzi mwa asanu. Mpweya womwewo, mphezi yomweyo. Chifukwa?

Lachiwiri, 23 Okutobala

Yafupikanso. Inayi yonse pamodzi, ndi nkhalango yonse, mofanana. Ndiye kuti mwini wake ndi mmodzi, zimenezo n'zabwino. Koma akuthawiranji? Ndasintha botolo la mpweya. Chimodzimodzi. Ndawonjezera mphamvu ya mphezi, osasintha. Ndachepetsa, osasintha. Chimenechi chikanayenera kundiimitsa. Chinthu chobadwa ndi mphezi chosasamala za mphezi? Ndinachilemba m'buku la labu n'kuika chizindikiro cha funso, chaching'ono.

Cha m'ma 4, a Puttaswamy akuyang'ana kukhoma: "Mayi, kamphezi kaja simunakazimitse." Ine: "Ntchito yanga ndikuidziwa, a Puttaswamy." Mawu anatuluka akuthwa. Zaka 21 sindinawalankhulepo choncho. Anatenga chikwama chawo cha chakudya, anapita nthawi isanakwane.

Ndikuchita mantha, ndilembe poyera. Swichi ili apo, yakuda, yaing'ono ngati chala changa, ndipo ndikuilambalala ngati galu wa eni.

Lachinayi, 25 Okutobala

M'mawa achemwali atsegula bokosi lachitsulo la masari a silika, ukwati wa mwana wa msuweni uli pafupi. Fungo thoo nyumba yonse. Iwo kudandaula: "Ndinaikamo kamfa khumi mu Juni, taona, palibe ndi mmodzi yemwe. Koma fungo lokha lidzatha pa Khirisimasi. Kamfa ndi mfiti, amalowa m'chilichonse."

Ndinali ndi idli, kachitumbuwa ka mpunga, m'kamwa. Sindinaimeze.

Mbale yamkuwa. Nsalu pamwamba. Usiku wonse. Kamphira kakuda ka m'kamwa mwa kampopi.

Sindikukumbuka ulendo wa pabasi. 9:20, makina akuyenda, mizere inayi ili apo, yafika theka. Ndazimitsa kamphezi.

Yatsala. Yonse inayi. Osagwedezeka n'komwe.

Ndatseka botolo la nambala 62, ndasiya mpweya wopanda kanthu. Ili pompo. Tatsegula thanki, ndamasula kampopi ndekha, ndachotsa kamphira, ndaika pamphuno. Fungo la kamfa, kachisi weniweni.

Kaboni khumi. Khola. Chojambula changa chachisanu ndi chiwiri, chokongola chija, chinali pafupi zedi ndi kamfa. Masamu anga anali olondola, wopusa ndinali ine. Mayo ine.

Sindinalire. Ndinapita kukadya, ndinadya zonse, mpaka ndinawonjezera mpunga. Thupi ndi lopanda manyazi.

Lachisanu, 26 Okutobala

Ndagula paketi ya kamfa pa kashopu ka pageti. Mwini shopu: "Lero Mayi mwatembenuka mtima?" Taika kamwala kamodzi mwadala m'njira ya mpweya. Mizere inalumpha mpaka kutuluka pa sikirini. Si inayi, si makumi, ndi mazana. Ukamwaza mpunga wodzaza dzanja pansi, njere zina zigwera ndithu m'ming'alu. Inayi inagwera pa yanga. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

A Puttaswamy anayang'ana nthawi yaitali. "Nanga Mayi, bwanji ngati kumwambako kulidi kamfa?"

Ndinatsala pang'ono kuwakalipira. Kenako ndinakhala pansi. Bwanjidi? Ndani anayang'anapo? Ola lathunthu ndinaiwala komiti, ndinaiwala manyazi. Ndinawerengera: kamfa atazizira ngati mtambo uja, mizere yake yamphamvu kwambiri ingagwere pati? Malo asanu ndi limodzi. Ndinatsegula zimene dishi linatola, malo ndi malo, iwo ataima kumbuyo kwanga akupumira m'khosi mwanga. Oyamba, mbee. Achiwiri, mbee. Onse asanu ndi limodzi, mbee. Kulibe kamfa kumwamba. Amayi ananama. Koma linali ola lokoma kuposa onse sabata ino, ndipo sindikumvetsa kuti mtima wa munthu unapangidwa bwanji.

"Ndiye kuli chiyani?" anafunsa. Sindikudziwa, ndinatero. "Mpaka pano?" Mpaka pano.

Kenako anaulula. Anamva fungo pa zala zawo Lachisanu lomwe lija pobwezera kampopi. Anakapukuta kunja, anaganiza kuti zatha. Mizere itayamba kufupika anadziwa. "Koma ndinakuonani mutakhala pasimenti paja. Ndikanayambira pati?"

Ndinapepesa za Lachiwiri. Anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

Ali pakhomo, msana kwa ine, ananena ziwiri. Yoyamba: "Auzeni kuti ndinaika pambale ndine. Ine ndi wa mapemphero, akhulupirira msanga." Ndinati anthu makumi awiri anandiombera m'manja, aiwala? Yachiwiri anainena motsitsa. "Komiti ndi Lachiwiri. Mizere ilipodi, inayi, simunanamize munthu. Kamfayu mukanamutulukira Lachitatu, bwanji?"

Sindinakane. Ndikulemba pano kuti sindinakane.

Lolemba, 29 Okutobala

Masamba awiri ndalemba kawiri.

Oyamba: mizere inayi yogwirizana ndi ya kumwamba, kufufuza kukupitirira. Mulibe liwu labodza ngakhale limodzi. Ndawerenga katatu kufunafuna bodza, mulibe. Akhoza kutipatsa zaka zitatu, wina wachinyamata n'kudzatenga makina, a Puttaswamy n'kukalambira pa thanki yawo. Pakatha mwezi n'kudzati pepani, tapeza kuti anali kamfa. Zimachitika. Ndani angadziwe tsiku limene ndinazimitsa swichi?

Buku la labu likudziwa. Lachinayi, 9:20, dzanja langa. Ndinaliyang'ana tsamba limenelo nthawi yaitali. Pepala lake ndi lopyapyala, losavuta kung'amba.

Achiwiri ndi aafupi. Sanakwane ndi tsamba limodzi.

Onse ali m'chikwama. Achemwali aona kuti sindikudya. Sanandiseke, ndiye ndadziwa kuti nkhope yanga yaipadi. Anangoti, "Wapolisi akagwira munthu wolakwika amatani?" Ndinati ena amam'tsekera ndithu kuti akwezedwe pa ntchito. "Ena," anatero, n'kundiikira nthochi m'chikwama.

Lachiwiri, 30 Okutobala

Ndinatulutsa aafupi aja.

Anthu asanu ndi awiri, fani ikulira. Ndinawerenga ndekha mokweza. A Seshadri anavula magalasi. "Anaika pambale ndani?" Ine. "Kuyesa kozimitsa mphezi munachita liti?" Patapita masiku asanu ndi limodzi. "Inuyo, Nagaveni?" Ineyo.

Mmodzi wa a makompyuta anafunsa ngati tinganene kuti milungu yayankha pempho. Anaseka yekha. Ndikanakhala iye ndikanasekanso, n'zoseketsadi, n'chifukwa chake ndinafuna kumugenda ndi kapu.

Mphindi 25. Chipinda 14 chitsekedwa pa 31 Malichi.

Potuluka a Seshadri ananditsatira pakhonde. "Mukanatha kudikira mawa, mukudziwa?" Ndikudziwa. Anafuna kunenanso kena, foni yawo inalira.

A Puttaswamy ndinawapeza atamasula kale mapaipi onse a mpweya, ali m'beseni. Sanafunse. Ndinati pa 31 Malichi. Anawerenga pa zala. "Miyezi isanu. Mundipatse masiku atatu, fungo limeneli ndilichotse." Ndinalowa m'chimbudzi, ndinatsegula mpopi kuti asamve.

Lachiwiri, 20 Novembala

Sindinalembe milungu itatu. Panalibe cholemba. Kamphira katsopano, kampopi kowotchedwa mu uvuni masiku atatu, mapaipi atsopano. 63, mbee. 64, mbee. 65, pampu inafa, masiku anayi kupita. Sabata yatha anabwera awiri ndi tepi kudzayeza makoma, kuyeza modutsa pamwamba pa mutu wanga, "pepani Mayi, musasunthe." Pa khofi ena akumanditcha Mayi Kamfa, akuyesa sindikumva. Envulopu ya zojambula zisanu ndi ziwiri ndaikhoma pamwamba pa swichi.

Masiku otsala, 131.

Lero 66. Kuyambira 10 koloko, palibe, palibe, palibe. 3:50, kanthu. Kamzere kamodzi, kakafupi, kongotukula mutu pamwamba pa phokoso. Pamalo a wachisanu ndi chiwiri wa kumwamba. Palibe nkhalango. Kali kokha.

Palibe anakhala pasimenti. A Puttaswamy anagwada, anaika mphuno pa paipi, ananunkhiza uku ndi uku ngati akugula mango. Anadzuka. "Palibe." Dzanja langa linali kale pa swichi.

Ndazimitsa.

Kasowa.

Mzere umodzi si kanthu, ndauza ophunzira anga kambirimbiri. Ukhoza kukhala phokoso, ukhoza kukhala china chilichonse. Ngakhale utakhala weniweni, komiti inakhala kale. Koma ngati ndi weniweni, ndi wa ndani? Wopepuka, wolemera? Anzake khumi aja ali kuti?

Sikirini ili mbee, mphindi zisanu tsopano. Ndatenga bukuli kuti ndizengereze. A Puttaswamy anena kachitatu, "Yatsaninso, Mayi, tione ngati kabwerere."

Ndikuika cholembera pansi, ndiyatse